Khadi la Martina

"Ndati khadi limenelo lipezeke," anatero Che Sufiyani. "Lipezeke lero lomwe, ndilione likupsa ndi maso angawa."

Ankauza mkazi wake, Nafisa, koma mawuwo ankawaponyera kuseri kwa mpanda kumene apongozi ake, Abiti Usumani, ankasankha chimanga cha mbewu m'lichero. Mkamwini sakangana ndi apongozi ake maso ndi maso. Amakalipira mkazi wake mokweza, apongozi nawo n'kumayankha nkhuku. Nkhuku za pakhomo pamenepa zinali zitamva zambiri.

"Choka apa iwe," Abiti Usumani anauza thadzi lamawanga limene linkazungulira lichero. "Chitopa unabwera nacho wekha, lero ukufuna kutentha khola." Akanakonda kuuza tambala, koma masiku amenewo ngakhale tambala wa pakhomo sankanyozedwa mokweza, poti tambala ndiye anali chizindikiro cha chipani.

Nafisa anakhala pakhonde, maso ali pa zala zakumapazi. Ananena motsitsa kuti sakudziwa kumene khadilo lili, ndipo sankanama, chifukwa mayi ake anali atalichotsa m'nyumbamo kalekale.

Mkanganowo unachokera ku msonkhano wa chipani wa dzulo lake. Atatha kuyimba, kunaimirira adokotala atsopano a pa chipatala cha boma cha kumtunda. Anati anthu akufa chifukwa chipatala china sichidziwa zimene chinzake chinapeza. Choncho aliyense abweretse matikiti ndi makhadi ake onse, a ku mishoni, a ku Balaka, a ku Liwonde, kuti zonse zilembedwe pa khadi limodzi loyenda nalo kulikonse. Anatinso zobwerekana makhadi zithe. Anthu anawomba m'manja, monga ankawombera chilichonse chonenedwa pa msonkhano. Pobwerera kumudzi panalibe anawomba.

Kumudziko aliyense ankadziwa kuti matenda ali pawiri. Malungo, mutu, bala la khasu, amenewo unkapita nawo kumtunda, n'kutchula dzina lako lenileni. Koma matenda a m'kati mwa nsalu, kapena chifuwa chosatha, kapena banga loyera pakhungu, unkawoloka nawo mtsinje kupita ku mishoni, ndipo dzina unkalisiya kutsidya lino pamodzi ndi fumbi la kumapazi. Asilamu ankakafika kumeneko ali Akhristu. Akhristu nawo ankakwera sitima kukakhala Asilamu ku Balaka. Masisitere sankadziwa munthu, ankalemba chimene wawauza.

Chifukwa chake chinali ndi dzina, ndipo dzinalo linali Lucius. Iyeyu ndiye anali kalaliki wa pawindo pa chipatala cha kumtunda, komanso mlembi wa nthambi ya chipani. Anaphunzira kuwerenga mokweza ali kusukulu ndipo sanasiye. Pepala lililonse lolowa pawindo pake ankaliwerenga chala chili pa mzere, mawu ali m'mwamba, ngati akuwerengera mpingo. Anachita zomwezo ndi tikiti la Goliati wopha mbuzi, lomwe linali ndi mawu oti chifuwa chachikulu. Nyama ya Goliati inayamba kugona pa mbedza mpaka kununkha, ndipo pano munthuyo ankapha mbuzi zake ku Ulongwe.

"Tsono Lucius yemweyo akawerenge za m'nyumba mwanga?" Che Sufiyani anafunsa mpanda. "Ine kapitawo wa njanji, anthu anga andiyang'ane bwanji? Dzina langa likutchulidwa pa mpando wa wachiwiri kwa tcheyamani. Lucius akungodikira pondigwira."

"Ukakhala ndi njala ya mpando," Abiti Usumani anauza thadzi, "uziyamba wasamala kumene ukugona."

Che Sufiyani atayambanso, mawu anali atatsika, ndipo ndi pamene anapweteka.

"Nafisa, uwauze amayi kuti ine adzandiseka sabata imodzi, basi. Mwamuna akatenga chindoko anthu amati ndi wa pa njanji, amayenda. Nanga mkazi amati ndi ndani? Pa khadipo palibe dzina langa. Palibe ngakhale pomwe alemba kuti anachitenga kwa mwamuna wake. Pa mjigo adzanena ndani, ine kapena iwe?"

Abiti Usumani anapitiriza kusankha chimanga chawo. Zinali zoona, ndipo choonadi chochokera m'kamwa mwa mkamwini ameneyu chinkawawa kuposa bodza lake.

Koma iwo ankakumbukira zimene mkamwiniyo sanaone. M'nyengo yozizira ya chaka chatha, Nafisa atapita padera, anamuperekeza ku mishoni. Ali pakati pa mtsinje, nsalu atakwinya, ndi iwo eni amene anamusankhira dzina: Martina Japhet. Analiona kuti n'losavuta kukumbukira. Sisitere atamuyeza anapeza chindoko, n'kumubaya jakisoni. Nafisa asanamange n'komwe nsalu, milomo inatupa, maso anatupa, mpweya unayamba kulira pakhosi ngati wenzulo, ndipo anagwa pa benchi. Sisitere anathamanga, chinthu chimene Abiti Usumani sankadziwa kuti masisitere amachita, n'kumubaya jakisoni wina amene anamubweza. Pambuyo pake anatenga cholembera chofiira, anajambula mzere waukulu pamwamba pa khadi, n'kulembapo dzina la mankhwalawo. Anati thupi la mwanayu limadana ndi penisilini, ndipo akadzamubayanso mwina sadzadzuka. Kulikonse kumene angapite, asanamubaye, ayambe aona khadi ili. Chindokocho anamuchiza ndi mapilitsi.

Tsono khadi limodzi lomwelo linanyamula zinthu ziwiri: chimene chikanamupulumutsa ndi chimene chikanamuvula pagulu.

Madzulo a tsiku la mkangano lija Abiti Usumani anasonkha moto pabwalo, poonekera. Anatulutsa khadi lopinda pakati, n'kuliika pa makala, ndipo anadikira mpaka litasanduka phulusa. Che Sufiyani anaonera ali pakhonde pake. Sakanatha kuyandikira apongozi kuti aone bwino, ndipo mwambo umenewo unagwira ntchito yake. Lomwe linapsa linali khadi la maso la Abiti Usumani la ku Balaka. La Martina linatsala m'pepala la shuga, litasomekedwa mu udzu wa denga la nkhokwe.

Masabata otsatira pa mjigo panalibe nkhani ina. Zaina, mnansi wawo wa kuseri kwa msewu, anati iye akapereka la malungo lokha, chifukwa amene amadwala ku mishoni ndi Elube, dzina lake la kutsidya, ndipo Elube ameneyo sanamutume. Amayi ena anati adokotala atsopanowo akuoneka a mtima wabwino. Zaina anavomera kuti ndi abwinodi, koma adokotala amasamutsidwa, Lucius sasamutsidwa. Wina ananong'ona kuti lero akufuna kudziwa matenda, mawa adzafuna kudziwa maloto, ndipo onse anayang'ana uku ndi uku asanaseke. Anthu anapita ndithu kumtunda, poti amene sanapite ankafunsidwa ngati akudana ndi chitukuko. Anakapereka mitu yawo ndi malungo awo. Nafisa naye analandira khadi latsopano loyera bwino, lokhala ndi dzina lake lenileni ndi mawu amodzi okha: malungo.

Mvula inabwera yamphamvu chaka chimenecho. Popalira koyamba, khasu linadumpha pa mwala n'kumutema Nafisa pamwamba pa phazi. Silinali bala loti munthu n'kusiyira ntchito. Anamanga kansalu, napitiriza mzere wake. Koma phazi linayamba kutupa, kutupako kunakwera mpaka m'bondo, ndipo thupi linatentha ngati mbaula. Mayi ake anayesa madzi a mchere, anayesa masamba. M'mawa wina Nafisa anawaitana ndi dzina la agogo ake amene anamwalira kale.

Abiti Usumani anafuna kupita naye ku mishoni, kumene mzere wofiira unkadziwika. Anatsikira kumtsinje kukaona. Madzi anali atadzaza mpaka m'minda, akukokolola nthochi ndi mitengo yathunthu, ndipo anthu anaima kutsidya lino ndi kutsidya lija akungoyang'anana. Pobwerera analowa kuseri kwa nkhokwe, anasolola pepala la shuga lija, nalimanga pa ngodya ya nsalu yawo.

Che Sufiyani anamukweza mkazi wake pa njinga n'kumakankha, Abiti Usumani akumugwirira kumbuyo. Njira yonse mkamwini ndi apongozi anayenda moyandikana kuposa tsiku lina lililonse.

Pa chipatala cha kumtunda mabenchi anali odzaza. Theka la anthuwo linali la kumudzi kwawo, Zaina ali pomwepo ndi mwana wachifuwa kumsana. Pakhomo panali ayufi a malaya ofiira, akuona makhadi a chipani. Amenewo anali nawo, ndipo palibe anafunsa ngati mayina ake ndi oona. Che Sufiyani anapereka khadi loyera la mkazi wake pawindo. Lucius anawerenga mokweza kuti Nafisa Sufiyani, malungo, kenaka anasuzumira phazi lotupalo nati ameneyu ndi wa jakisoni, alowe msanga.

Abiti Usumani anali ataganiza kuti khadi linalo akapereka kwa adokotala okha, m'kati, chitseko chili chotseka. Koma wa yufi anawatsekereza ndi mkono. Anati m'kati mumalowa wodwala ndi womunyamula, ndipo pepala lililonse limadzera pawindo.

Anaima pamenepo, mfundo ya nsalu ili m'manja. Anayang'ana mabenchi. Ankawadziwa onse, ankadziwanso m'kamwa mwa aliyense. Anaona mwana wawo akuyenda kupita ku mjigo zaka zonse zimene zikubwera, amayi akusiya nkhani pakati iye akafika. Kenaka anayang'ana mutu wa Nafisa utagwera pa phewa la mwamuna wake, milomo itauma. Mfundoyo inali itanyowa ndi mvula, inakana zala, ndipo anaimasula ndi mano.

"Ili nalonso n'lake," anatero, akulilowetsa pawindo. "Muonetse adokotala asanamubaye."

Che Sufiyani anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatire anawayang'ana apongozi ake m'maso.

Lucius anaongola khadilo, anaika chala pa mzere woyamba, natsokomola. Anawerenga tsiku. Anawerenga kuti wodwalayo anapita padera. Anawerenga mawu a Chingerezi, ndipo pofuna kuthandiza amene sanapite kusukulu, anamasulira kuti chimenechi ndi chindoko. Pa mabenchi panangoti zii. Ngakhale mwana wa Zaina anasiya kutsokomola. Mawu ofiira aja anawawerenganso, kuti asabayidwe penisilini. Abiti Usumani anapuma. Zinali zitatuluka, sizikanabwereranso, koma mwana anali atapulumuka.

Chala cha Lucius chinabwerera pamwamba.

"Koma amayi, ili ndi la Martina Japhet."

"Ndi yemweyu."

"Uyu ndi Nafisa Sufiyani. Ndawerenga kumene, anthu onsewa amva."

"Ndi yemweyu, bambo. Ku mishoni ndi Martina. Dzinalo ndinamupatsa ndine, mumtsinje."

Wina pa benchi anaseka, koma mwamsanga anazimeza. Panalibe munthu pamenepo amene sankadziwa za mayina a mumtsinje. Panalibenso amene akanavomera pamaso pa mlembi wa chipani kuti amawadziwa. Abiti Usumani anayang'ana Zaina. Zaina anali akukonza mbereko.

Lucius anati adokotala ananena okha pa msonkhano kuti makhadi obwereka ndi amene akupha anthu. Anati dzulo lomwe kunabwera agogo ena ndi khadi la sikelo la mdzukulu wawo. Iye sakanalowetsa pepala la munthu wina kuti wodwala amanidwe mankhwala omuyenera. Komabe, poti mwini mkazi ali pomwepo, nkhaniyo inali yosavuta.

"Che Sufiyani, inu ndinu munthu wodziwika. Khadi lachindokoli n'la akazi anu?"

Anafunsa mwaulemu kwambiri, cholembera chili m'manja.

Che Sufiyani anasuntha mkazi wake pa phewa. Anayang'ana mabenchi monga anayang'anira apongozi ake, ndipo anaona zomwezo.

"Mkazi wanga ndi Nafisa," anatero. "Martina sindimudziwa. Amayiwa asokonezeka ndi matendawa, muwakhululukire."

Khadi linatuluka pawindo mmene linalowera. Chitseko chinatseguka, Che Sufiyani analowa ndi mkazi wake, chitseko chinatsekeka.

Abiti Usumani sanali munthu wokuwa, koma anakuwa. Anakuwira chitseko kuti asamubaye, kuti afunse ku mishoni, kuti jakisoni amupha. Wa yufi anawagwira mkono nawauza kuti pano si pamsika. Mayi wina wachilendo, wa ku midzi ya ku Nkaya, anawalangiza mokoma mtima kuti akhale pansi. Anati anthu amayenda mtunda wautali kufuna jakisoni n'kubwerera ndi mapilitsi awiri, iwo apeza mwayi akulira. M'katimo munali ana akulira, mbale zachitsulo zikugundana, mvula ikuwomba malata. Mawu a mayi mmodzi panja sanali kanthu.

Kenaka anaumva. Unadutsa pansi pa chitseko, wochepa, wakuthwa: wenzulo uja. Anasiya kulimbana ndi wa yufi. Anamva mpando ukugwa, adokotala akuitanitsa mankhwala, namwino akutsegula kabati ina, kenaka ina, akunena kuti anatha ndipo galimoto ya mankhwala sinabwere chifukwa cha msewu. Wenzulo unalira, unalira, n'kuyamba kudukiza.

Adokotala atatuluka anali atavula magalasi. Anali munthu wamng'ono kuposa mmene ankaonekera pa msonkhano. Anafunsa kuti mayi a wodwalayo ndi ati, ndipo anafunsa ngati mwanayo anayamba wabayidwapo jakisoni n'kumuvuta. Abiti Usumani anatambasula dzanja. Adokotala anatenga khadi, anavalanso magalasi, naliwerenga. Anali munthu woyamba pa chipatala chimenecho kuliwerenga osatulutsa mawu.

Anatembenukira pawindo nafunsa chifukwa chake pepalali silinawapeze.

"Dzina ndi lina, bwana," anatero Lucius. "Ndinafunsa mwamuna wake. Anthu onsewa ndi mboni."

Nafisa anaikidwa mawa lake dzuwa lisanafike pamutu. Amuna ananyamula mtembo pa jeneza kupita kumanda, amayi anatsala pabwalo, ndipo nkhani inayambira pomwepo, pansi pa kulira. Pofika tsiku la sadaka inali itakhwima. Ena ankati Nafisa anali ndi mwamuna wina kutsidya, n'chifukwa chake anali ndi dzina lina. Ena ankamvera chisoni Che Sufiyani, munthu wogwira ntchito kutali, wosadziwa zochitika m'nyumba mwake. Koma chimene onse anagwirizana pa mjigo chinali chimodzi: taonani zimene zimachitika ukatenga khadi la ku mishoni kupita nalo kumtunda. Abiti Usumani analionetsa, mwana anafa tsiku lomwelo, manyazi n'kutsala. Sabata imeneyo makhadi ambiri anapsa m'makhitchini a m'mudzimo, ena a mizere yofiira.

Che Sufiyani anamanga katundu wake kupita ku nyumba za njanji ku Nkaya, poti mkamwini mkazi akamwalira pamudzi pamakhala posakhalika. Asananyamuke anaima pafupi ndi mpanda, njinga ili m'manja, nalankhula ngati akuuza khonde limene Nafisa ankakhalapo. Anati majakisoni ndi ambiri, ndipo iye ankaganiza kuti amubaya wina. Anati m'katimo anafuna kunena, koma namwino anali wachangu. Anadikira. Thadzi lamawanga linali pomwepo, likutolatola pafupi ndi mapazi a Abiti Usumani.

Mtsinje utaphwera, Zaina anabwera masana ena ndi mwana wake wamkulu, mtsikana wongotha msinkhu kumene, amene anaima patali akuyang'ana pansi. Zaina anakhala pa mphasa, anapepesanso maliro, anadandaula za mvula ndi za anankafumbwe. Kenaka anatsitsa mawu.

"Achemwali, khadi lija likadalipo?"

"Lilipo."

"Mtsikanayu ali ndi kavuto kena. Si ka kumtunda iyayi. Ndimati mwina mutibwereke, poti masisitere Martina akumudziwa kale, safunsa zambiri. Ndiponso mwini wake..." Anasiyira pomwepo.

Abiti Usumani anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana mtsikanayo, miyendo yake yowonda, zala zakumapazi zikukumba dothi.

"Iyayi," anatero. "Apite ndi dzina lake. Zimene akamupeze nazo azilembe pa dzina lake, kuti tsiku lina zidzamudziwe."

"Dzina lake?" anatero Zaina, osati mokwiya, koma ngati akufunsa mtengo wa chinthu. "Kuti pambuyo pake lidzadzere pawindo pa Lucius? Inu munayesa, achemwali. Tinalipo."

Abiti Usumani anafuna kunena kuti sichinali choncho, kuti khadi silinaphe munthu, kuti Zaina yemweyo akanangonena mawu amodzi tsiku lija. Koma Lucius anali akadali pawindo. Adokotala aja anali atasamutsidwa sabata yapitayo.

Zaina anadzuka, anakung'untha nsalu, natsazika bwinobwino. Mayi ndi mwana anatsika njira ya kumtsinje. Asanapotere pa nthochi, Abiti Usumani anamva Zaina akufunsa mtsikanayo kuti pa Sabina ndi Nelia, losavuta kukumbukira ndi liti.